Za Chitoliro Chogwirizira: Phunziro kwa Oimba Clarinet

M'mwezi wa July, chisanu chili pakati, mnyamata wina wa m'gulu lathu la oimba anadza kwa ife mamawa ndi nkhope yakugwa, naika chitoliro chake pa tebulo, natisonyeza kamng'alu konga tsitsi limodzi, kochokera pamwamba kufikira pa bowo lachiwiri. Tinachitumiza kwa mmisiri ku mzinda. Ndipo mmisiri anabweza mawu kuti ali nazo ntchito zina patsogolo, chotero chidzatha atapita masabata 6. Tsono m'kabati ya gulu munali chitoliro china chakale, chimene munthu sanachikhudze zaka zingapo. Tinati kwa iye, "Mwanawe, tenga ichi, ubaphunzira nacho." Koma iye anati, "Iyayi, aphunzitsi, ndidzalinda changa. Ichi chidzandiononga dzanja." Ndipo tsiku lakuti aimbe yekha pamaso pa anthu linatsalira masabata 8 okha.

M'mawu a mnyamatayo munali choonadi pang'ono, munalinso kulakwa kwakukulu. Chifukwa chake tifuna kulongosola nkhaniyi m'phunziro la mwezi uno, pakuti tsiku lotere lifikira woimba aliyense. Ndipo inu amene simuimba mudzaona kuti mwambo wake ndi womwewo wa chipangizo chilichonse chimene munthu adya nacho.

1. Mapangidwe a chitoliro

Chitoliro chotchedwa clarinet chinayamba ku Nuremberg, m'dziko la Germany, pafupi ndi chaka cha 1700, ndipo mbiri itchula mmisiri Johann Christoph Denner kuti ndiye anachiyamba. Chili ndi zigawo 5 zolowana. Choyamba ndicho mutu, umene woimba auika pakamwa; pansi pa mutuwo amangapo kabango kosemedwa mopyapyala ngati lilime, ndipo mpweya ukapita, kabangoko kanthunthumira nkubala liwu. Chachiwiri ndi khosi lalifupi. Pamenepo pali chigawo cha pamwamba, cha dzanja lamanzere, ndi chigawo cha pansi, cha dzanja lamanja. Potsiriza pali mapeto otambalala monga a lipenga. Mabowo ena titseka ndi zala zathu, koma ena ali kutali ndi zala, ndipo atsekedwa ndi makiyi achitsulo okhala ndi timitsamiro tofewa kunsi kwake. Makonzedwe a makiyi amene afala m'maiko ambiri anapangidwa ku Paris pakati pa 1839 ndi 1843 ndi woimba Hyacinthe Klosé pamodzi ndi mmisiri Louis-Auguste Buffet. Ali ndi makiyi 17 ndi mphete 6.

Chinthu chimodzi chiyenera kutikondweretsa ife a kuno. Zitoliro zabwino za mtundu uwu, zimene ziimbidwa m'nyumba zazikulu za ku London ndi Paris, zisemedwa ndi mtengo wa phingo, womwe uja amisiri athu asema nawo ziboliboli. Wambiri uchokera ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Mtengowu ndi wolemera kotero kuti umira m'madzi, ndipo ukula pang'onopang'ono, nutha zaka 70 kufikira 100 usanafike poti nkudulidwa. Kuyambira mu 2017 malonda a matabwa ake pakati pa maiko ayang'aniridwa ndi pangano lotchedwa CITES, kuti ungathe m'nkhalango. Potero chitoliro cha phingo sichili chinthu chotaya chikaonongeka. Chiyenera kukonzedwa, ngakhale kukonzako kuchedwe.

2. Chimene chichititsa kuti chipite kwa mmisiri

Zifukwa zazikulu zili zitatu. Choyamba, timitsamiro tikalamba, tiuma kapena kung'ambika, ndipo mpweya upulumukira m'mbali. Chachiwiri, makiyi apindika, makamaka pamene munthu alumikiza zigawo ndi dzanja lolimba. Chachitatu ndicho mng'alu, umene unagwera mnzathu uja. Taonani umo uchitikira: mpweya wa munthu ndi wofunda ndi wachinyontho, tsono akauzira m'chitoliro chozizira, mtengo wa m'kati utupa msanga, pamene wa kunja ukali wouma ndi wozizira, ndipo wa kunjawo ung'ambika. Kawirikawiri mng'alu uoneka pa chigawo cha pamwamba, pakuti ndicho chilandira mpweya poyamba, ndiponso mabowo ake ali moyandikana. Mmisiri amata mng'aluwo ndi guluu, napyoza tizitsulo topingasa m'kati mwa mtengo, kapena aumanga ndi ulusi wolimba, kuti usapitirire. Ntchito yotere sifuna liwiro, ndipo sitichita bwino kumfulumiza.

3. Kodi tileke kuimba kufikira chathu chibwere?

Iyayi ndithu. Mlimi amene khasu lake lili kwa wosula sasiya munda wake kuti udzu uumize. Atenga khasu lakale la m'nkhokwe, nalima nalo, ngakhale mpini wake suli wa dzanja lake. Munda wa woimba ndiwo thupi lake. Milomo ili ndi timinofu tating'ono tozinga pakamwa, timene tigwira mutu wa chitoliro kuti mpweya usatuluke m'mbali. Timinofu timeneti tifooka msanga. Ife taona kawirikawiri kuti munthu akapumula masabata 2 okha, pobwerera milomo yake inthunthumira asanathe nyimbo imodzi, mpweya umthera pakati pa mzere, ndi lilime lilemera. Nanga akapumula masabata 6, nkutsala 2 kuti aimirire pamaso pa anthu, adzatani? Chitoliro chidzabwera chokonzeka, koma mwini wake adzakhala ndiye wofunika kukonza.

Tikumbukirenso kuti oimba omveka sanayambe ndi zitoliro zawozawo. Sidney Bechet, wobadwa ku New Orleans mu 1897, anaphunzira ali mwana pa chitoliro cha mkulu wake. Benny Goodman, mwana wa munthu wosauka wa ku Chicago, anayamba mu 1919, ali ndi zaka 10, ndi chitoliro chobwereka. Ndipo mu 1938 anaimba ndi gulu lake mu Carnegie Hall ku New York. Luso lawo silinali m'mtengo umene anagwira tsiku loyamba, koma m'makutu mwawo ndi m'khama lawo la tsiku ndi tsiku.

4. Choyamba: sungani mutu wanu

Potumiza chitoliro kwa mmisiri, musatumize mutu wake, pokhapokha mutuwo ndiwo wodwala. Sungani mutu, chomangira chake, ndi timabango tanu, nimuziike pa chogwirizira. Pakuti liwu libadwira pa mutu ndi kabango, ndipo zigawo zinazo zilisula ndi kulipatsa muyeso. Milomo yanu ikapeza mutu umene iudziwa, theka la chilendo latha. Oimba a m'magulu aakulu a ku Ulaya achita chomwecho tsiku lililonse: aliyense akhala ndi zitoliro ziwiri, china cha B flat, china cha A chotalikirapo pang'ono, ndipo nyimbo ikafuna, azula mutu pa china nauika pa chinzake m'kamphindi, osasintha kabango.

Timabango tilembedwa manambala, kuyambira 1 kufikira 5. Nambala yaing'ono ndi kofewa, yaikulu ndi kolimba. Bango lake lotchuka limera kumwera kwa France, m'dera la Var. Ngati chogwirizira chilimba kuuzira koposa chanu, musalimbane nacho. Tsikani theka la nambala, monga kuchoka pa 3 kudza pa 2½, kufikira chanu chibwere.

5. Chachiwiri: yesani chogwirizira musanachikhulupirire

Apa ndi pamene mnyamata uja ananena zoona. Chitoliro chotaya mpweya chiphunzitsa makhalidwe oipa. Liwu likakana kutuluka, munthu afinya makiyi ndi zala, naluma mutu ndi nsagwada, osadziwa kuti ali kutero. Ndipo atapita masabata angapo kufinyako ndi kulumako zikhala zake, nadzapita nazo pa chitoliro chake chabwino. Chifukwa chake chitani izi.

Muchitsuke. Chitoliro chokhalitsa m'bokosi chimera chuku m'kati, ndipo madokotala apeza kuti chuku chotere chidwalitsa mapapo a oimba. Pititsani kansalu koyera m'zigawo zonse, yanikani bokosi pa mthunzi popita mphepo. Ngati mulibe mutu wanu, tsukani wa chogwirizirawo ndi madzi ozizira ndi sopo. Madzi otentha ausandutsa mtundu ndi kuupotoza.

Muchiyese ngati chisunga mpweya. Tengani chigawo cha pamwamba chokha, tsekani mabowo ake ndi zala, tsekani kunsi kwake ndi chikhatho cha dzanja lina, nimuyamwe mpweya pamwamba. Chikakhala chabwino, chigwira mlomo wanu, ndipo pochichotsa chilira phu. Chikapanda kugwira, pali kamtsamiro kotaya mpweya. Kuti mukapeze, dulani kapepala kopyapyala kwambiri, kaikeni pansi pa kamtsamiro, tsekani kiyi mopepuka, nimukoke. Kamtsamiro kabwino kagwira pepala mbali zonse mofanana. Muterenso ndi chigawo cha pansi. Penyaninso kachitsulo konga ulalo kolumikiza makiyi a zigawo ziwirizo, ngati kakhala molunjika.

Mupenye mtundu wa makiyi ake. M'makabati akale mupezeka zitoliro za makonzedwe a Eugène Albert wa ku Brussels, zokhala ndi makiyi ochepa. Ndipo ku Germany oimba atsata makonzedwe a Oskar Oehler wa ku Berlin. Pa zitoliro zotere zala zigwa mwina pa mawu ena. Mukapatsidwa chotere, chigwiritseni ntchito polimbitsa milomo ndi mpweya pokha, koma musaphunzitse zala zanu nyimbo zofulumira pamenepo, mungadzasokonezeke.

Mupenyenso zilembo zosemedwa pamwamba pake. Mu 1939 akatswiri a maiko anasonkhana ku London, nagwirizana kuti liwu lotchedwa A likhale la kunthunthumira ka 440 pa sekondi imodzi. Koma kale magulu a asilikali a ku Britain anali kuimba mokwererapo, pafupi ndi 452, ndipo zitoliro zambiri za nthawi ija zilembedwa H.P. Chotere sichingagwirizane ndi anzanu ngakhale muchikoke bwanji. Phunzirani nacho m'nyumba nokha, koma musapite nacho m'gulu.

Ndipo musanyoze chitoliro chifukwa chili cha pulasitiki. Cha pulasitiki chosunga mpweya chiposa cha phingo chotaya mpweya. Sichiopa chisanu kapena mvula, ndipo oimba ambiri achisunga dala kuti aziimba nacho panja. Paja akulu anati, fodya wako ndi amene ali pamphuno.

6. Chachitatu: sankhani zophunzira

Masiku a chogwirizira ndiwo masiku a maziko. Zimene zili m'thupi mwanu zidzapita nanu pa chitoliro chilichonse, muzilimbikire zimenezo.

Yambani ndi mawu aatali. Gwirani liwu limodzi la pansi, muwerenge mumtima pang'onopang'ono kufikira 12, kuyamba motsitsa, kukweza pakati, ndi kutsitsanso potsiriza, liwu osagwedezeka. Mpweya uchokere m'mimba, mapewa akhale chete.

Pamenepo phunzirani kulumpha. Chitoliro ichi chili ndi khalidwe lachilendo: mukakanikiza kiyi wa chala chachikulu chamanzere, liwu sililumpha masitepe 8 monga pa zitoliro zina, koma 12. Imbani E wa pansi, kanikizani kiyiyo, ndipo mudzamva B. F abala C, G abala D. Chitani ichi osasintha milomo konse. Liwu la pamwamba likatuluka lokha, mpweya wanu uli bwino.

Ndiponso pali malo ovuta pakati pa chitoliro, pochoka pa A kunka pa B, pomwe zala zinali zotukula pafupifupi zonse, ndipo ziyenera kugwa zonse nthawi imodzi. Woloka mtsinje umenewu mosamveka phazi ndiye woimba. Muuwoloke kunka ndi kubwera, pang'onopang'ono, zala zili zopepuka ngati za munthu wotola mazira.

Onjezani makwerero a do, re, mi m'makiyi onse amene muwadziwa; kugunda kwa lilime pa nsonga ya kabango; kuwerenga nyimbo yatsopano ndi kusunga nthawi yake. Nyimbo imene mukonzekera muiphunzire mochedwa, kuti mudziwe popumira ndi poyambira. Muiimbenso ndi pakamwa pokha, pakuti chimene khutu silinachimve chala sichingachipeze.

Koma pali zina zoyenera kuzisiya. Chitoliro chilichonse chili ndi mawu ake ena okwera pang'ono, ena otsika pang'ono, ndipo woimba awongola ndi milomo. Musazoloweze milomo yanu kuwongola zolakwa zonse za chogwirizira, pakuti chanu chili ndi zolakwa zina. Ngati chonse chikwera, kokani khosi pang'ono, monga milimita 1 kapena 2, ndipo chidzatsika, zotsalazo zilekeni. Musalimbanenso ndi mawu a pamwamba penipeni ngati akana, kapena kuthamangitsa zala pa makiyi olimba. Mphindi 20 kawiri pa tsiku ziposa maora 2 a kulimbana. Mukamva kuwawa m'nsagwada kapena pa chala chachikulu chamanja, chimene chinyamula chitoliro, lekani, mupumule.

7. Chimene chogwirizira chitiululira

Pali phindu lina limene sitikadalipeza chitoliro chathu chikadakhala m'manja. Munthu woimba chitoliro chimodzi zaka zambiri sadziwanso kusiyanitsa zolakwa zake ndi zolakwa za chitoliro. Zonse aziika pa mtengo, kapena zonse adziika pa yekha. Koma pogwira chachiwiri mlandu uweruzika. Cholakwa chimene chatsalira kwa mmisiri chinali cha chitoliro. Cholakwa chimene chakutsatani ndi chanu.

Zinatero ndi mnzathu uja. Atamva mawu athu anavomera, ngakhale monyinyirika. Tinayesa chitoliro cha m'kabati, tinapeza kamtsamiro kamodzi kong'ambika, tinaika kena, ndipo chinayamba kulankhula. Iye anali atadandaula miyezi yambiri kuti chitoliro chake chilira kwii powoloka pa A kunka pa B. Tsiku lachitatu anadza nati, "Aphunzitsi, ichinso chilira pomwe paja." Tinamuimika pa kalilole, ndipo anaona ndi maso ake kuti chala chake chachinayi cha kumanja sichitseka bowo lonse, koma chisiya kampata konga mpunga umodzi. Anakhala chete kanthawi, naseka, nati, "Kani wofunika mmisiri ndine." Masabata otsalawo anawathera pa chala chimenecho, ndipo tsiku lake litafika anaimba nyimbo yake kufikira kumapeto, osalira kwii ngakhale kamodzi.

Chifukwa chake tikulangizani kusunga kabuku. Lembani tsiku lililonse chimene chinavuta ndi chimene chinapepuka, kuti chanu chikabwera muyerekeze ziwirizo, ndi kudziwa chonena kwa mmisiri ndi chonena kwa inu nokha.

8. Tsiku lobwera chanu

Musachilandire ndi phwando la maora atatu. Mtengo umene wakhala masabata osalandira mpweya wauma, ndipo ukamwa chinyontho chambiri tsiku limodzi ungang'ambikenso. Masiku oyamba imbani mphindi 15 kapena 20, nimuonjeze pang'onopang'ono. Kukazizira, fundizani chigawo cha pamwamba m'khwapa musanauzire, kuti kunja kufunde kusanafunde m'kati. Mukatha, pukutani m'kati ndi kansalu, pukutaninso polowana zigawo, nimuchibweze m'bokosi. Musachisiye pa dzuwa, kapena pafupi ndi moto. Musadabwe chikakhala ngati mlendo masiku awiri kapena atatu, pakuti timitsamiro tatsopano tifuna kukhazikika, ndi zala zanu zifuna kukumbukira kwawo. Chikavutabe litatha sabata, bwererani nacho kwa mmisiri, mumuuze liwu lenileni limene likana.

Ndipo chogwirizira chija musachiponye m'kabati monga munachipezera. Ngati chinali chobwereka, chibwezeni choyera ndi chouma, pamodzi ndi mawu oyamika, pokumbukira kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Ngati chili cha gulu kapena chanu, muzichitulutsa kamodzi pa mwezi ndi kuchiimba pang'ono, kuti makiyi asachite dzimbiri ndi tizilombo tisadye timitsamiro. Pakuti adzachifuna mnzanu wina chaka chamawa, kapena inu nomwe.

Mafunso obwereza

1. Tchulani zigawo 5 za chitoliro, ndi chigawo chimene simuyenera kutumiza kwa mmisiri.
2. Chifukwa ninji mtengo wa phingo ung'ambika pouzira m'chitoliro chozizira?
3. Tingadziwe bwanji kuti chitoliro chitaya mpweya, ndipo chotere chiphunzitsa makhalidwe oipa ati?
4. Zilembo H.P. zitichenjeza chiyani?
5. Cholakwa chikakutsatani pa chitoliro chachiwiri, mwini wake ndani?